Mpando wa pa Geti ndi Chiwindi cha Alamu Anga

Honde, m'zaka za m'ma 1980

Ana anga, mutu uno muuwerenge m'Chinyanja momwemu, wina asandiimbire foni kuti "Baba, handisi kunzwisisa," ati sakumvetsa. Mukamafuna ndikutumizireni nthochi mumachiyankhula bwinobwino. Ndikufuna mumve kuchokera kwa ine nkhani ya a Aramando, amuna a azakhali anu a Esinati, chifukwa zimene mwakula mukumva n'zakuti bambo anu anazunza munthu wodwala. Ndatopa nako kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndangolemba.

Ntchito yanga yoyamba inali pa esiteti ya tiyi kumtunda kwa Hauna, komwe agogo anu anafikira atachoka ku Thyolo. Sanandiike kothyola masamba. Kapitawo anangondiyang'ana mapewa n'kunditumiza ku shedi, komwe tiyi wouma amalongedwa m'matumba n'kukwezedwa pa lole. Kapitawoyo anali a Chikopa, munthu wamfupi wosadziwa kuseka, koma ndi iwo anandiphunzitsa kunyamula: pinda maondo, msana uwongoke, thumba ligunde pachifuwa. "Ukanyamula ndi msana udzakwatira ndodo," ankatero akudutsa kumbuyo kwathu. Ndinasenza zaka zambiri, ndipo msana wangawu sunandidandaulepo mpaka lero.

Tsono pali chinthu chimodzi cha moyo wa pa esiteti chimene inu a m'tauni simuchidziwa, ndipo popanda chimenechi nkhaniyi simuimvetsa. Timati laiti juti. Munthu akadwala kapena kuvulala, kampani inkamuchotsa pa ntchito yolemetsa n'kumupatsa yopepuka, monga kusesa pa ofesi kapena kuthirira maluwa a bwana. Koma mfumu ya malaiti juti onse unali mpando wa pa geti. Unali mpando wachitsulo pansi pa kadenga ka malata, ndipo ntchito yake inali kukweza mtengo wotchinga msewu lole ikafika. Mtengo wakewo anaumangirira chimwala cha simenti kumapeto, moti ngakhale nkhuku itatera pamenepo geti likanatseguka. M'komboni munthu wopatsidwa mpando umenewu ankaoneka ngati wakwezedwa, ndipo akazi ake ankapita kumpope mutu uli m'mwamba. Kupatsa wodwala mpando chinali chifundo chachikulu chimene kapitawo akanachita, ndipo kumumana inali nkhanza yosaiwalika.

A Aramando anafika pa shedi nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Anachokera cha ku Milanje, anadutsa mapiri wapansi, ali okhaokha, owonda moti nthiti zinkawerengeka. Chinyanja chawo chinali chosakaniza ndi Chipwitikizi, buledi ankati pawo, ndipo atakwatira mlongo wanga Esinati ine anayamba kunditchula Kunyado, ndiye kuti mlamu. Poti analibe wachibale aliyense kuno, bambo anga anawaimira ngati mwana wawo, ndipo bambo atamwalira udindo umenewo unagwera ine. Atakhuta pang'ono, munthu uja anasanduka chiphona. Ankanyamula thumba kuchoka pansi akuimba nyimbo ya tchalitchi, osapuma pakati pa mzere.

Chipinge, m'zaka za m'ma 1990

Kampani inanditumiza ku esiteti yake ya ku Chipinge, cha kunjira ya ku Chirinda, n'kundikweza kukhala foromani wa shedi. Bwana amene ndinamupeza kumeneko ankakonda misonkhano kuposa tiyi. Lole zikudikira panja, ife tili m'katikati kumvetsera za kufunika kosataya nthawi. Andau a kumeneko poyamba ankatitcha Mabhurandaya, dzina lonyozera ife obwera, koma atawona kuti matumba akukwera nthawi yake anayamba kunditcha foromani basi. A Aramando anali ataphunzira thirakitala, kenako lole, ndipo patapita nthawi anatitsatira ndi banja lawo ngati dalaivala wonyamula tiyi kupita ku Mutare.

Apa ndi pamene mavuto anayambira, ngakhale tonse tinkaona ngati madalitso. Mowa sanaulawepo, anali mkulu wa mpingo. Koma shuga! Tiyi wawo ankathira mpaka supuni kulemera. Pa Nyanyadzi mabanzi ndi chakumwa cha m'botolo, pa Wengezi tchipisi ndi botolo lina, pobwerera chimodzimodzi, ndipo tsiku lonse atakhala pa chiwongolero. Matumba ankawakwezera anyamata anga, iwo ali mu kabini akumvera wailesi. Ndikawaseka kuti atsike agwireko, ankatulutsa mutu pawindo.

"Kunyado, ine ndinamaliza sukulu imeneyo. Ndinapambana mayeso."

Mimba inayamba kutsogola. Azimayi a m'komboni ankamuyamikira Esinati kuti amadziwa kusunga mwamuna, iye n'kumamwetulira akuwonjezera mafuta m'ndiwo. Kwathu kuno munthu amene anafika nthiti zili pamtunda akanenepa, ndiye kuti dziko lamulandira. Ngakhale ine ndinkanyadira, ndisaname.

Zaka za mashelefu opanda kanthu

Inu akuluakulu mukukumbukira nthawi imene munkalowa m'sitolo ku Chipinge n'kupezamo mchere wokha ndi wogulitsa. Dizilo anasowa, lole zinaima mpaka udzu kumera pansi pake. Ife a mu shedi tinkasoka matumba akale ndi ulusi wosasula m'matumba ena akale. Bwana wa misonkhano uja anachoka usana dzuwa likuswa mtengo osatsanzika, ndipo amene anabwera analamula kuti madalaivala asangokhala, azikatuta nkhuni za bulugamu zowotchera mu fakitale. A Aramando anadandaula chaka chonse. Analibe shuga, analibe pawo, ankadya mbatata ndi mapeyala ngati tonsefe. Koma ndikukuuzani, nthawi imeneyo ankakwera chitunda cha kutchalitchi akuyankhula, ndipo nkhope inali yowala. Zinthu zitabwerera m'masitolo, munthu uja anabwezera chipongwe pa shuga ngati kuti shugayo ndi amene anamulakwira.

Mutare, chapakati pa zaka za m'ma 2010

Zinayamba ndi tulo. Ankagona m'tchalitchi, ankagona podikira kukweza, ndipo ankadandaula kuti kumanja pansi pa nthiti kukulemera. Tsiku lina masana anasinza pa chiwongolero, lole n'kutsamira m'ngalande pafupi ndi fakitale. Mwamwayi inkayenda pang'onopang'ono ndipo palibe anavulala, koma makiyi anawalanda. Sisitala wa pa kiliniki ya esiteti anawayeza magazi, sanasangalale ndi zimene anaona, n'kuwatumiza ku Mutare kuti akawaunike m'mimba. Ndinawaperekeza ine.

Dokotala anali mayi wamng'ono, msinkhu wa iwe Chipo. Atawadzoza zoterera pamimba n'kuyendetsapo kachipangizo kake, anatikhazika pansi.

"Baba, mumamwa mowa?"

"Chibadwire sindinaulawe," anatero a Aramando, atakwiya kale.

"Ndakukhulupirirani. Chiwindi chanu chadzaza mafuta, ndipo zimenezi zimachitikiranso anthu osamwa. Shuga wambiri, chakudya chambiri, thupi losagwira ntchito."

Ine ndinafunsa za mankhwala. Anati piritsi loti lisungunule mafutawo iye analibe, koma mankhwala ake alamu anga anali nawo kale m'mikono ndi m'ntchafu. Anafotokoza kuti minofu ndi imene imadya shuga wa m'magazi. Ikangogona, shugayo amasowa kolowera, ambiri n'kukathera ku chiwindi ngati mafuta. Ikamagwira ntchito yolimba imayamba kudya, ndipo chiwindi chimapeza mpata wotaya zimene chaunjika. Anati achepetse shuga ndi za m'botolo, ayendeyende, koma makamaka katatu pa sabata anyamule zolemera, akankhe, anjute n'kudzuka, kuyamba ndi zopepuka n'kumawonjezera. Anachenjeza kuti sakunena zosenza tsiku lonse mpaka kukomoka. Anatinso sikelo mwina siisuntha msanga, koma tisagwe ulesi, chifukwa mafuta a m'chiwindi amatha kuchepa munthu akulemera chimodzimodzi.

"Nanga akangokhala?" ndinafunsa.

"Chiwindi chingayambe zipsera n'kuuma, ndipo chikaumiratu sichibwerera. Matenda a shuga nawo ali kale pakhomo."

A Aramando anati, "Dotolo, ine ndinathawa nkhondo wapansi. Ndinasenza matumba unyamata wanga wonse kuti tsiku lina ndidzakhale pansi. Lero mukuti ndibwerere ku matumba?"

"Ndikuti mubwerere pang'ono, baba," anatero dokotalayo.

Pobwerera kombi, minibasi imene tinakwera, inaima pa Wengezi. Ine ndikutsika kukadzithandiza, pobwera ndinapeza munthu ali ndi mabanzi pamiyendo ndi botolo kukamwa. Akuti ankatsanzikana nazo. Ndinalanda botolo lija n'kupatsa kondakitala, ndipo mpaka Chipinge sitinayankhulane.

Sabata ya mpando

Tsoka lake, mwezi womwewo sekuru, nkhalamba imene inkakhala pa geti, anapuma ntchito. Bwana anandiitana ku ofesi n'kunena kuti a Aramando sangayendetsenso lole, koma kampani siiwataya. Malo analipo awiri, pa geti kapena mu shedi mwanga. "Ndi tsano wako, sankha wekha," anatero, kutanthauza mlamu, n'kundipatsa mpaka Lachisanu. Anadziwa bwino kuti akundiponyera khala la moto, n'chifukwa chake sanandiyang'ane kumaso.

Nkhani ya pa esiteti siigona. Madzulo omwewo Esinati anabwera kwathu, anagwada pakhomo ngati mlendo, nkhope ili mwee.

"Achimwene, Mulungu wayankha. Mpando ulibe munthu, ndipo wosankha ndinu."

"Sindiwapatsa mpando, Esinati. Abwera ku shedi."

Anaseka poganiza kuti ndikucheza. Nditamufotokozera zonse za dokotala, kuseka kunatha.

"Inu munamvapo wodwala chiwindi akusenza matumba? Wodwala amapuma, achimwene. Amayi atadwala munawapatsa khasu?"

"Matenda ake ndi osiyana. Awa abwera ndi kukhala."

"Kamwana ka ku Mutare kakuuzani zimenezo, inu n'kuiwala kuti munthuyu alibe wina kuno koma inu."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa anali oona. Esinati ndinamubereka kumsana ali khanda amayi ali kothyola masamba, ndipo chibadwire anali asanandipemphepo kanthu. Ndinadziwa kuti ndikamupatsa mpando, komboni yonse indiimbira m'manja ndipo mlongo wanga andikonda mpaka kufa. Ndinadziwanso zimene ndinamva ndi makutu anga ku Mutare. Amayi anu anangoti, "Mutu ukakula sulewa nkhonya, chitani chimene mungadzagone nacho tulo." Lachisanu ndinapita kwa bwana n'kunena kuti shedi.

Lamlungu lake akuluakulu a sosaite yathu ya maliro anandiitana pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa holo. Inu mumaiona ngati kagulu ka nkhalamba, koma kwa ife obwera sosaite ndiyo inali mudzi, ndiyo inali bwalo. Wapampando, a Kamwendo, anayankhula mofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunandipweteka.

"A foromani, ife m'dziko lino tilibe munda wa makolo, tilibe manda a makolo. Chimene tili nacho n'kusungana. Mwana wa eni dziko akakhala foromani amapatsa m'bale wake mpando. Inu mwaupereka kwa Mndau, mlamu wanu mwamupatsa thumba. Tiwauze chiyani anthu?"

Ndinafotokoza za minofu ndi shuga mpaka malovu kuuma. Ankagwedeza mitu mwaulemu ngati akumvetsera wamisala. Wina kumbuyo ananong'ona mokweza kuti mwina uforomani wangawu uli ndi chizimba chofuna munthu wa m'banja. Taganizani, ine, mkulu wa kwaya! Ndinanyamuka ndisananene mawu oti ndidzalipire mbuzi.

Zaka za matumba a theka

Ntchito ya alamu mu shedi inali yopepuka ndithu, kusoka pakamwa pa matumba ndi kudinda zizindikiro. Koma Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu m'mawa lole zisanafike, anali anga. Ndinadzaza matumba angapo theka lokha. Ankanyamula kuchoka pansi kuika pa nsanja, n'kutsitsanso. Ankakhala pa bokosi n'kudzuka osagwira maondo. Ankakankha ngolo ya matumba kukwera kachitunda kolowera mu shedi. Masabata oyamba ankatuluka thukuta ngati awathira ndowa, akunditukwana m'Chipwitikizi, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti chinenero chimenecho sindichimva. Akati chizungulire tinkaima. Akati ulesi sitinkaima, ndipo ndinkadziwa kusiyanitsa chifukwa ndinali nditagwira nawo ntchito kuyambira ali mnyamata.

Nkhondo yeniyeni inali kunyumba. Mwambo wathu umati sungakazonde wodwala chimanjamanja, ndipo chimene aliyense amanyamula n'chiyani? Botolo la zotsekemera ndi mabanzi. Amayi a chigwirizano ankabwera pamzere, aliyense ndi botolo lake, kudzapepesa munthu wozunzidwa ndi mlamu wake. Ine ndikuchotsa mafuta m'mawa, iwo akubwezera madzulo, ndipo onse ndi mtima wachikondi. Ndikanena, Esinati ankandiyankha atandifulatira kuti wodwala samanidwa chimene mtima wake wafuna. Anasiya kundipatsa moni. Tikakumana kumpope ankayang'ana mitambo.

Anyamata a mu shedi nawo sanandithandize. Ankawakweza a Aramando pa sikelo ya matumba mwezi uliwonse, muvi n'kuima pomwe unaima kale. "Foromani, thumba lanuli silikuchepa," ankatero, ndipo pofika masana komboni yonse yamva. Ndinkawauza kuti dokotala ananeneratu zimenezo, koma ndani amamvera munthu amene sikelo yamutsutsa?

Chimene chinasintha zinthu ndi alamu eni ake. Tsiku lina ananyamula thumba la theka, analiika pa nsanja, n'kuima akuliyang'ana.

"Kunyado, mwachepetsamo tiyi umu?"

"Sindinakhudze."

"Ndiye wonjezerani. Izi n'zonyamula ana a sukulu."

Kuyambira pamenepo tulo ta masana tinatha. Lamba anasunthira bowo lina. Mabotolo a odzazonda anayamba kugawira ana a oyandikana nawo, ndipo tiyi anayamba kumwa wa supuni imodzi akukwinya nkhope. Titabwerera ku Mutare dokotala uja anaunika, anayeza magazi, n'kutiuza kuti mafuta achepa kwambiri ndipo shuga wa m'magazi watsika. Anawagwira dzanja a Aramando n'kuwauza kuti asadzasiye, chifukwa akasiya zidzabwerera. Ndinasangalala moti mu kombi ndinkayankhulitsa anthu osawadziwa.

Mukuganiza kuti wina anabwera kudzapepesa? Ng'oo. Esinati anali atapita kwa mneneri wina wa mapositori cha ku Chirinda, n'kubwerako ndi chigubu cha madzi muli timiyala. Lamlungu anaimirira pamaso pa anthu kuchitira umboni kuti amuna ake achira ndi madzi aja, ngakhale adani a m'banja momwemo anayesetsa kuwathyola msana. Anthu anati ameni akundiyang'ana ine. Lolemba ndinafika ku shedi ndikuphulika, ndipo ndinawafunsa alamu chifukwa chake anangokhala duu.

"Asiyeni, Kunyado. Madziwo ndimamwadi, ndi madzi abwino. Alibe shuga."

Tinaseka mpaka anyamata kusuzumira. Tinapitiriza choncho zaka zingapo, ndipo munthu uja anafika ponyamulanso thumba lathunthu akuimba.

Hauna, nditapuma ntchito

Nthawi yanga itakwana ndinabwerera kuno ku Honde kudzalima nthochi. Shedi ndinasiyira mnyamata wina dzina lake Sithole, amene ndinamuphunzitsa ndekha, mwana waulemu ndi wamtima wabwino. Ndisananyamuke ndinamukhazika pansi n'kumufotokozera zonse za alamu, masiku ake, ndi chifukwa chake. Anavomera zonse, "Hongu baba, hongu baba." Koma ine nditangokwera basi, Esinati ndi akuluakulu a sosaite anamupitira. Tangoganizani mnyamata wa msinkhu wanu, amayi a imvi atamugwadira, madoda atavula zipewa, akumupempha kuti achitire chifundo nkhalamba yodwala. Mwezi usanathe a Aramando anali pa geti. Ndinamva kuti tsiku limenelo Esinati anapha nkhuku n'kuitana anthu.

Ndinaimba foni kangapo. Sithole ankangopepesa, alamu ankangoti tili bwino. Nditapita kukawaona patatha zaka ziwiri kapena zitatu, basi inanditsitsa pa geti pomwepo. Ndinawapeza pa mpando, botolo pansi pa mpando, mimba itabwerera ndi chiwongoladzanja. Manja aja anali atafota. Pofuna kundilonjera anagwira chitsulo cha denga n'kudzikoka kawiri asanaime.

Ndinalusa pomwepo, osapereka ngakhale moni. Ndinawauza kuti ngakhale pa geti munthu angathe kunjuta n'kudzuka, angathe kunyamula ndowa ya mchenga, sizifuna foromani. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndinayesa, Kunyado. Ndinaika njerwa kuseri kwa kanyumbaka. Anthu odutsa ankaseka kuti madala a pa geti apenga, ndipo Esinati anazitenga n'kukaikira mphika." Kenako anati, "Inu munapita ku Hauna. Ine ndimagona nawo nyumba imodzi. Nthawi ija ndinkati foromani wandikakamiza, ndipo ankakwiyira inu. Tsopano ndinene kuti wandikakamiza ndani?"

Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti ntchito yanga inali kudzaza matumba, osadziwa kuti ntchito yanga yaikulu inali kudedwa m'malo mwawo. Ndinawapempha kuti abwere kuno adzakhale nane miyezi ingapo, tizidzasenza mikoko ya nthochi. Anati akambirana ndi akazi awo, ndipo yankho lake mukulidziwa.

Matenda a shuga anawapeza chaka chotsatira. Kenako miyendo inayamba kutupa, maso kuchita chikasu, mimba kudzaza madzi. Ku chipatala ku Chipinge dokotala wina anandiuza pakhonde kuti chiwindi chauma. Ndinamufunsa mosabisa ngati mpando ndi umene wachita zimenezi. Anati palibe angalumbire, mwina zipsera zinayamba kale ife tisanadziwe, koma kungokhala pansi komanso shuga sizinawathandize. Ndikulemba monga ananenera, kuti musadzati bambo anawonjezera. Anamwalira nyengo ya mvula, ine ndili m'njira ndikubwera ndi mapeyala amene anandituma.

Pa maliro, mwambo wathu umafuna kuti wa banja aimirire kumanda kuthokoza onse amene anathandiza womwalirayo. A Aramando analibe m'bale, choncho woyankhula ndinali ine. Tisananyamuke kupita kumanda, Esinati anandiitanitsa m'nyumba ya siwa. Aka kanali koyamba kundiyankhula maso ndi maso chichokereni tsiku lomwe anagwada pakhomo panga. Anali atatha, mawu atasasa, duku lili kumaso.

"Achimwene, mukathokoze mpingo, sosaite ndi kampani. Koma mukayambe ndi a Sithole. Mukanene kuti anapatsa amuna anga mpumulo pa zaka zawo zomaliza."

"Esinati, ukudziwa chimene ukundipempha?"

"Ndikudziwa. Mwina munali olondola, achimwene, ine sindinapite ku sukulu. Koma ngati munali olondola, ndiye kuti ndawapha ndine. Ndisenze zimenezo ndekha m'nyumba muno?"

Ndinali nditakonza mawu ena m'basi nditangomva uthenga wa maliro, mawu oti komboni yonse imve kamodzi n'kusiya kupha anthu ndi chifundo. Ndinamuyang'ana mlongo wanga, ndipo mawu aja anandithera.

Kumanda ndinavula chipewa n'kuyamba ndi a Sithole. Ndinati banja likuthokoza foromani amene anaona kutopa kwa bambo athu n'kuwapatsa pokhala. Anthu anavomereza chapansipansi, a Kamwendo anagwedeza mutu kuti tsopano munthuyu wazindikira. Sithole anaphimba nkhope ndi manja n'kulira, ndipo ankalira zoona. Esinati anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, ine n'kupitiriza kuthokoza mpingo, sosaite, kampani, ndi amayi onse amene sanatope kubwera ndi mabotolo.